Moni wa pa Chulu

Sabata yatha tinamanga chiliza cha amalume anga, a Mlangeni. Chatha chaka chiwaikireni m'manda. Anthu sanachuluke, popeza tsikulo linagundana ndi la msika pa Lizulu, ndipo munthu wa mbatatesi sungamuchotse pamsika chifukwa cha maliro a chaka chatha. Amene analankhula anatchula za ngolo yawo, za mmene ankavinira ngoma ali mnyamata, ndi za mpando wawo wa kutchalitchi umene sankalola wina kukhalapo. Za foni palibe anatchula. Ndiye ndati ndinene ine, chifukwa pa nkhani ya foniyo ndili ndi mlandu.

Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Ndimagulitsa kabichi ndi anyezi pamsika, ndipo pakati pa nyumba yanga ndi yawo pali munda umodzi basi. Dzina langa lenileni sanalitchulepo. Kwa iwo ndinali Nangozo, kuyambira ndili kamtsikana mpaka ndayamba imvi.

Amalume anali munthu wa moni. Sindikunena moni wa masiku ano uja woponya munthu ali kale patali. Iwo ankaima, kutsitsa khasu, kuvula chipewa, n'kufunsa mmene mwadzukira, mmene adzukira ana, kenako ng'ombe ngati muli nazo. Akatha ankadikira kuti nanunso muwafunse. Ankakonda kunena kuti moni ali ndi miyendo iwiri, wopita ndi wobwerera, ndipo wa mwendo umodzi safika kulikonse. Ukangoti "tadzuka" n'kukhala chete, ankakuyang'ana mpaka ukumbuke wekha kuti watsala ndi "kaya inu".

Ndewu zawo zonse zinkachokera pamenepo. A Ndau, mkulu wa mpingo, anawapatsa moni ali panjinga osatsika, ndipo amalume sanawalankhule dzinja lonse. Anyamata a kabaza ankawaimbira hutala podutsa, iwo n'kumakuwa kumbuyo kuti sali mbuzi. Mwana wawo wamwamuna amene ali ku Joni anaimba foni tsiku lina n'kungoyamba nkhani, amalume anadula. Anaimbanso, anadulanso. Kachitatu mnyamata anayamba ndi moni, ndipo anacheza bwinobwino. Nanenso sanandisiye. Ndikamathamangira magalimoto a ogula m'mawa, dengu lili pamutu, ankandiimitsa pamzere wa munda.

"Nangozo, kabichiyo akuthawa?"

Ndinkapsa mtima, ndisaname. Munthu uli ndi zochita, wina akufuna mufunsane za ng'ombe zoti palibe amene ali nazo.

Ngakhale kuchipatala chachikulu kuboma, atawadula phazi lakumanzere, khalidwe linali lomwelo. Ankapatsa moni odwala onse a m'chipindamo bedi ndi bedi, ali chigonere. Nditalowa n'kuona pamene panali phazi pangotsala nsalu yoyera, ndinayamba kulira. Iwo anati, "Ukulira chiyani? Tsopano ndafanana ndi moni wanu wa masiku ano." Anthu a m'chipindamo anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinkadziwa kumene phazilo linayambira kupita.

Koma ndiyambe ndanena mmene ankakhalira. Akazi awo, a Namaseko, anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Mwana wamkazi, Lute, anakwatiwa ku Lilongwe. Ng'ombe zija zinkakoka ngolo ya mbatatesi kupita ku Lizulu anazigulitsa pamene njinga zamoto ndi malole zinawalanda ntchito. Yomaliza kugulitsa inali Bantomu, nkhunzi yamawanga imene ankaikonda ngati mwana. Khola sanaliphwasule. Ankalisesa, ngakhale munalibe kanthu. Panyumba pawo sipanali panjira, ndiye tsiku linkatha osamva mawu a munthu, kupatula ngati atsatira okha anthu kumsewu.

Matenda a shuga anawapeza ali choncho. Anayamba ludzu losatha, kutaya madzi pafupipafupi, thupi n'kumatha ngati sopo. Ena anati alodzedwa chifukwa cha pakamwa pawo. Titapita kukachipatala kathu kakang'ono anawabaya chala, n'kunena kuti ndi shuga. Amalume anatsutsa pomwepo. Anati munthu amene amamwa tiyi wopanda shuga kuyambira pomwe anagulitsa ng'ombe, shugayo wamutenga kuti? Anawapatsa mapiritsi, n'kuwauza kuti azibwera kamodzi pamwezi. Mapiritsiwo ankamwa akakumbukira. Tsiku la kuchipatala ankati nyengo sili bwino. Ndikawakalipira ankayankha kuti munthu amadzisamalira pakakhala womufunsa.

Chaka chotsatira kunabwera zoti odwala shuga aziikiridwa kapulogalamu m'foni kowakumbutsa za mankhwala ndi zakudya. Koma kankafuna foni yamakono ija yopalasa ndi chala, ndipo pa anthu onse amene ankakhala pamabenchi tsiku la shuga, okhala nayo anali owerengeka. Ena onse analemba mayina, n'kubwerera. Lute atamva anatumiza foni yake yakale, ndipo anamwino anaikamo kapulogalamuko.

Abale, zinthu zopangira anthu a m'tauni zimaoneka. M'mawa uliwonse kankafuna mulembe nambala ya shuga wanu. Nambalayo tikaitenga kuti? Lute ankati abwana ake, amenenso ali ndi shuga, ali ndi kamakina kawo kunyumba, amadzibaya okha asanapite kuntchito. Amalume ankayezedwa kamodzi pamwezi, ndiponso ngati timapepala toyezera tilipo. Kankalangiza zipatso zimene sanazionepo. Kankati muzichita masewera olimbitsa thupi poyenda pang'ono tsiku lililonse, kuuza munthu amene anayenda pambali pa ngolo moyo wake wonse. Pomwe kanati achepetse mbatatesi, anaseka mpaka kutsokomola. Ndiye kwathu kuno foni imagwira netiweki ya ku Mozambique. Kuti mupeze ya kwathu, muyenera kukwera chulu chachikulu chimene chili kumtunda kwa munda wawo.

Ndinkaganiza kuti foniyo itha sabata imodzi n'kulowa m'sutikesi. Chimene sindinaganize ndi mmene uthenga wake unkayambira. Tsiku lililonse unkati, "Mwadzuka bwanji a Mlangeni? Kumbukirani kumwa mankhwala anu mukadya."

Maso awo anali atayamba kale chifunga, ndiye tsiku loyamba anatsika pachulu n'kubwera nayo kwa ine. Ndinawerenga ndili chiimire, ndikumanga matumba. Anavula chipewa.

"Wanditchula ndi mfunda wanga?"

"Eya."

"Ameneyo analeredwa. Muyankhe. Unene kuti ndadzuka, kaya iwo."

Panali kabokosi kolembamo, ndiye ndinalemba. Anakweranso chulu kuti uthenga upite, n'kubwerera ndi yankho. Linali lakuti, "Zikomo. Uthenga wanu walandiridwa." Anati mwana wolembayo ndi wamanyazi, koma azolowera.

Apa ndi pamene ndinalakwira. Ndinkadziwa bwinobwino kuti kulibe mwana aliyense, ndi makina. Koma tsiku limenelo anamwa mapiritsi pamaso panga popanda kukangana. Mawa lake chimodzimodzi. Patapita masiku, ndinaona kuti yankho lomwe lomwe lija layamba kuwakhumudwitsa, ndiye m'mawa wina powerenga ndinawonjezera.

"Akuti nawonso adzuka bwino, kungoti kukuzizira."

Nkhope yawo inawala. "Waona? Ndinanena kuti azolowera."

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Kuyambira pamenepo ndinkawonjezera tsiku lililonse. Mwana wa kuchipatala uja anayamba kufunsa ngati mbatatesi zamera. Ankadandaula akamva kuti sanagone bwino. Ankawadzudzula akadya zambiri pamaliro. Tsiku lina anafunsa za ng'ombe imene ankaikonda kwambiri, ndipo amalume anakhala pamtondo wanga n'kufotokoza za Bantomu mpaka ogula anga anandisiya. Ndinkalemba mawu awiri atatu okha, iwo n'kumaona ngati ndalemba zonse.

Ndipo zinkathandiza, ndicho chinandilimbitsa mtima. Chulu ankachikwera kawiri m'mawa uliwonse, mpaka panapangika kanjira. Pamwamba anaikapo mwala wokhalira. Uthenga ukati ayang'ane mapazi ngati pali bala, poti shuga amapha mapazi munthu osamva kuwawa, ankavula nsapato pakhomo panga kuti ndiwaone. Tsiku la kuchipatala ankalawira ngati akupita kuukwati. Thupi linabwerera. Anamwino ankawatchula ngati chitsanzo kwa odwala ena. Ndinkadziuza kuti bodza lotere ngakhale Mulungu amaliseka.

Zinatha chaka ndi miyezi. Kangapo amalume anafunsa kuchipatala kuti amene amalemba mauthenga ndi uti, anamwino n'kumayankha mothamanga kuti amachokera kulikulu. Iwo anamva kuti mwanayo amakhala kutali, amabwera mwa apo ndi apo.

Tsiku limene sindidzaiwala linali m'mwezi wa Juni, titakumba mbatatesi. Ndinawaperekeza kuchipatala monga mwa masiku onse. Ndinawapeza atavala jekete la kutchalitchi, atanyamula kathumba ka mbatatesi zosankha, zikuluzikulu zokhazokha, ndi tambala womanga miyendo.

"Amalume, zimenezi n'za yani?"

"Munthu wandifunsa chaka chonse. Ndizingolandira ngati mphika?"

Njira yonse ndinali ndi mpata wonena. Ndinatsegula pakamwa kawiri, n'kunena za nyengo.

Titafika, mabenchi anali odzaza. Dzina lawo litaitanidwa sanalowe m'kachipinda. Anaima pakhomo, anavula chipewa, n'kulankhula mokweza monga ankachitira pa milandu. Anati abwera ndi kamphatso ka mwana amene amawalembera m'mawa uliwonse, ndipo ngati palibe, anamwino amusungire mbatatesi, koma tambala adye okha chifukwa sangadikire.

Anamwino anali mayi wabwino, sanaseke. Anati, "Agogo, zikomo kwambiri, koma palibe munthu amene amalemba. Ndi makina. Uthenga womwewo umapita kwa aliyense, amangosintha dzina."

"Makina angafunse za ng'ombe yanga?"

"Ayi agogo, za ng'ombe sangafunse."

Pabenchi wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Bambo wina anati, "Madala apeza chibwenzi m'foni!" Amalume sanatembenukire kwa iye. Anatembenukira kwa ine. Sanakalipe. Anangondiyang'ana monga ankayang'anira munthu amene waiwala kubweza moni, ndipo ine ndinayang'ana pansi.

Anaika kathumba ndi tambala pakhonde, anavala chipewa, n'kutuluka pageti. Sanayezedwe, mapiritsi a mwezi umenewo sanatenge. Ndinawathamangira, ndinaitana kabaza, anakana ndi dzanja. Analowa njira yachidule yodutsa m'minda imene anthu anali atangokolola chimanga. Ine ndinabwerera kukatenga mapiritsi aja, ndinakawasiya pawindo lawo, n'kuthawa.

Milungu itatu sindinapondeko. Manyazi, abale. Ndinkazungulira njira ina popita kumsika. Ndinkayang'ana kuchulu m'mawa, osaona munthu, n'kumadziuza kuti mkwiyo ukatha abwera okha. Pakati pathu panali munda umodzi, koma sindinauwoloke.

Amene anabwera kudzandiuza ndi a Ndau, omwe aja a njinga. Anati amalume sanaoneke kutchalitchi kawiri, ndipo atapita kukawaona apeza ntchentche zili pa phazi. Ndinathamanga. Mapiritsi anali pawindo pomwe ndinawasiya. Tsiku lija m'minda chitsa cha phesi chinaboola nsapato n'kulowa kuphazi, iwo osamva. Analibe woti awayang'ane mapazi. Titafika nawo kuboma, adokotala anati tachedwa.

Atatuluka m'chipatala, Lute anafuna kuwatengera ku Lilongwe. Anakana. Anati m'tauni anthu amakhala mpanda umodzi osadziwana mayina, iwo akafera kumeneko ndi mawu ali m'kamwa. Ndiye anabwerera kunyumba kwawo ndi ndodo ziwiri, ine n'kumawapititsira chakudya. Tinkapatsana moni, miyendo yonse iwiri, koma wouma. Za foni palibe ankatchula.

M'mawa wina ndinawapeza atakhala pakhonde, foni ili pamwendo.

"Nangozo, ine chulu sindingakwerenso. Kwera ndiwe."

Ndinakwera. Mauthenga amene anaunjikana analowa, ndinatsika, ndinakhala pansi pafupi nawo. Ndinawerenga ndendende zimene zinalembedwa, osawonjezera ngakhale liwu limodzi. Mwadzuka bwanji a Mlangeni, kumbukirani kumwa mankhwala anu mukadya. Ndinasiyira pomwepo.

Anadikira. Kenako anati, "Basi?"

"Basi, amalume. Ndi zomwe zalembedwa."

"Werenga monga unkawerengera kale."

Ndinayamba kupepesa. Anandidula.

"Ndinali ndi milungu itatu yoganiza, ndiponso kuchipatala kuja munthu umangogona. Poyamba ndinkati wandisandutsa chidole. Kenako ndinadzifunsa kuti, amene ankadziwa kuti kukuzizira ndani? Amene anafunsa za Bantomu ndani? Mwana uja analipo. Kungoti mbatatesi ndinapita nazo kutali, mwini wake ali kuseri kwa munda." Anasisita bondo la mwendo wodulidwawo. "Chimene chinandipweteka si makina. N'chakuti iwe, mwana wa mlongo wanga, kuti undifunse mmene ndagonera unkachita kubisala m'foni."

Zinali zoona. Zaka zonse zija ndinkawadutsa ndi dengu pamutu. Nthawi yokha imene ndinawafunsa za moyo wawo ndi pamene ndinkanamizira kukhala munthu wina.

Ndinaika foni pansi. Ndinati, "Mwadzuka bwanji, amalume?"

Anavula chipewa. "Ndadzuka, Nangozo. Mwendo umene kulibewu ndi umene ukuyabwa. Kaya iwe?"

Anakhala miyezi isanu ndi iwiri kuchokera tsiku limenelo. Mapiritsi ankamwa, koma impso zinali zitatopa. M'mawa uliwonse ndinkayamba kwa iwo ndisanapite kumsika, ndipo ogula ena anandithawa n'kupita kwa anzanga. Nthawi zina ankanditumabe kuchulu, ati tikamve mnzathu wamanyazi uja wanena chiyani lero. Ankadandaulanso za anthu aja a pamabenchi amene analibe foni, kuti kaya iwo amawafunsa ndani. Anamwalira masana, dzuwa likuswa mtengo, ine ndili pamsika. A Ndau ndi amene anali nawo.

Foni inakhala m'sutikesi chaka chonse. Titamaliza za chiliza, Lute anati aitenge akapatse mwana wake wa sukulu. Ndinamupempha kuti andisiyire tsiku limodzi. Ndinaichajitsa, ndinaikamo bandulo, m'mawa mwake ndinapita nayo kumtunda.

Nyumba yawo ndi yotseka, udzu wa padenga wayamba kutsetsereka mbali ya kumvula. Khola lija lamera chisoso. Ndodo ziwiri zija zili chitsamire pakhonde, palibe amene wafuna kuzichotsa. Kanjira ka kuchulu katsekeka ndi udzu, moti ndinachita kupatula ndi manja, koma mwala uja ulipo pamwamba, wosalala pamene ankakhala. Ukakhala pamenepo umaona msewu wa ku Lizulu, malole akudutsa, ndi minda ya tsidya la Mozambique. Umaonanso denga la nyumba yanga, pafupi kwambiri, moti munthu atakuwa ndingamve.

Netiweki itagwira, foni inayamba kunjenjemera m'manja mwanga osaleka. Palibe anakauza makina aja kuti munthu wawo anapita. Mauthenga ankalowa motsatizana, onse oyamba chimodzimodzi: Mwadzuka bwanji a Mlangeni? Mwadzuka bwanji a Mlangeni? Ndinakhala pamwalapo mpaka inaleka. Kumunsi kunali zii, pakhonde palibe wovula chipewa.